HemoCue WBC DIFF: kodi kamakina kowerenga maselo oyera pa dontho la chala n'koyenera zipatala za ku Zomba?

Munthu wa pachilumba cha Chisi akauzidwa kuti aziyezetsa magazi sabata iliyonse, ndiye kuti sabata iliyonse akwere bwato mpaka pa Kachulu, apeze kabaza kapena galimoto yolowa m'tauni, akhale pamzere wa ku labu, kenako adikire zotsatira za FBC, kuyeza kowerenga maselo onse a m'magazi, zimene mwina zituluka mawa lake. Wa ku Chingale kuseri kwa phiri ndi wa ku Mayaka vuto lawo ndi lomwelo. N'chifukwa chake kamakina ka HemoCue WBC DIFF kamakopa maso. Dzina la HemoCue si lachilendo kwa anamwino, poti timakina take toyezera Hb (kuchuluka kwa magazi m'thupi) ya amayi oyembekezera tili m'zipatala zambiri. Kampaniyi ndi ya ku Ängelholm m'dziko la Sweden, ndipo aka ndi kamng'ono ka timakinato, kowerenga maselo oyera, aja timawatcha asilikali a m'thupi.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kufotokoza. Pali kapulasitiki kakang'ono kotchedwa cuvette kamene kamayamwa kokha magazi okwana mamaikulolita 10, kadontho kochepa kwambiri. M'kati mwake muli mankhwala ouma amitundu iwiri: ena amaswa maselo ofiira kuti asatchinge, ena amapaka utoto wa methylene blue pa maselo oyera. Makina amajambula zithunzi zambirimbiri za magaziwo, n'kuwerenga maselo ndi kuwasiyanitsa poona maonekedwe awo. Pasanathe mphindi 5 mumapeza chiwerengero chonse, komanso cha mitundu isanu payokhapayokha: ma neutrophil, ma lymphocyte, ma monocyte, ma eosinophil ndi ma basophil. Kamayendera magetsi kapena mabatire, kotero magetsi akazima ntchito siima. Sikafuna zigubu za madzi a mankhwala ngati makina akuluakulu a FBC, ndipo mulibe timapaipi toti titseke.

Pali kena kofanana nako dzina, HemoCue WBC, kopanda DIFF, kamene kamapereka chiwerengero chonse chokha. Ngati cholinga chanu ndi kuyang'anira odwala amene ali pa mankhwala otsitsa maselo, kameneko kasiyeni. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000 pa maikulolita imodzi, zimene makina amalemba kuti 4.0 mpaka 11.0. Koma amene amalimbana ndi mabakiteriya pamzere woyamba ndi ma neutrophil, ndipo nambala yofunika ndi yawo, yotchedwa ANC. Wodwala akhoza kukhala ndi 5.0, nambala yooneka bwinobwino, koma ma neutrophil ali 8 pa 100 alionse. ANC yake ndi 0.4, ndipo ameneyo ali pachiswe. Wina ali ndi 3.0, nambala yooneka yotsika, koma ma neutrophil ali 60 pa 100, ANC ndi 1.8, palibe chodetsa nkhawa. Malire amene madokotala amatsata ndi awa: pakati pa 1.0 ndi 1.5 atsika pang'ono, pakati pa 0.5 ndi 1.0 atsika ndithu, ndipo kutsikira pansi pa 0.5 ndi ngozi, chifukwa kachilonda ka m'kamwa kapena kachithupsa kakhoza kufalitsa matenda m'magazi monse pa maola ochepa.

Ku Zomba odwala ofunika kuyezedwa kotere alipo amitundu ingapo. Kuno n'kumene kuli Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo, ndipo nkhani ya maselo oyera ndi ya tsiku ndi tsiku m'gawo limeneli. Clozapine, mankhwala amene amathandiza odwala schizophrenia ena onse atakanika, amatha kufafaniza ma neutrophil mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100. Mu 1975 ku Finland anthu 8 anamwalira ndi vutoli, mankhwalawo n'kuchotsedwa pamsika m'mayiko ambiri, ndipo pamene anabwerera anabwera ndi lamulo loyeza magazi pafupipafupi. Ku Britain amayeza sabata iliyonse kwa masabata 18 oyambirira, pamene ngozi imakhala yaikulu, kenako masabata awiri alionse mpaka chaka chithe, kenako mwezi ndi mwezi. Carbamazepine wa khunyu amatsitsanso maselo oyera, ngakhale kawirikawiri ndi pang'ono chabe. Kumbali ya ma ARV, chiyambireni dolutegravir mu 2019 ambiri ali pa mankhwala otchedwa 13A amene alibe vutoli, koma amene ali pa 14A akumwa zidovudine, amene amapondereza mafuta a m'mafupa kumene magazi amapangidwa, ndipo akaphatikiza ndi bakitilimu wa tsiku ndi tsiku kuponderezako kumakula. Enanso ndi olandira mankhwala a khansa monga paclitaxel wa khansa ya pakhungu ya Kaposi, amene maselo awo amatsikitsitsa pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni diripi.

Pa ntchito yoyang'anira anthu otere kamakina kali ndi umboni wooneka. Kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa mu 2015 ndi 2016 pa odwala omwa clozapine anapeza kuti zotsatira zake zimayenderana bwino ndi za makina a ku labu, komanso kuti odwala ambiri amakonda kubayidwa chala kusiyana ndi kutengedwa magazi pamtsempha. Aliyense amene anayesapo kunyengerera wodwala amene amakayikira anthu onse kuti atambasule mkono sabata ndi sabata akudziwa kulemera kwa mfundo yachiwiriyi.

Tsopano zovuta zake, ndipo choyamba ndi chachikulu. Kamakina kamawerenga chiwerengero chonse kuyambira 0.3 mpaka 30.0, koma kamasiyanitsa mitundu pokhapokha chiwerengerocho chikafika 1.0. Wodwala wa khansa amene wabwera ndi 0.7 mudzangoona 0.7 yomweyo, ANC palibe. Kunena zoona, munthu wa 0.7 safunikanso masamu kuti mudziwe kuti zinthu sizili bwino, ANC yake singapose pamenepo. Koma simungaone ngati ma neutrophil ayamba kubwerera tsiku ndi tsiku, ndipo m'wodi imeneyo ndiyo nkhani yofunika. Komanso maselo akachepa, amene alowa m'kadontho nawonso amachepa, kotero kusiyana kwa maselo owerengeka chabe kumasuntha nambala kwambiri. ANC ya 0.9 ndi ya 1.1 pa kamakina aka musaziyese zosiyana kwenikweni. Nambala iliyonse imene ingachititse kuti muimitse mankhwala itsimikizidwe ndi magazi a pamtsempha tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi kutentha. Malangizo a kampani amati magazi ochokera m'kabotolo ka EDTA (mankhwala oletsa magazi kuundana), kaja ka chivindikiro chapepo, ayezedwe m'chipinda cha madigiri 18 mpaka 30, koma ochokera pachala mwachindunji malire ake ndi madigiri 25. Ku mapiri a Zomba m'mwezi wa June zimenezi sizivuta, mwina vuto n'kukhala kuzizira kwa m'mawa. Koma ku Jali kapena ku Kachulu mu October, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, madigiri 25 amakhala atadutsidwa dzuwa lisanafike paliwombo. Ndiye kuti chinthu chenicheni chimene munagulira kamakinaka, kubaya chala n'kuyeza pompo, chimakhala kunja kwa malangizo miyezi yotentha. Njira yake ndi kuyeza m'mawa kwambiri, kapena kudonthetsera magazi a pachala m'kabotolo kakang'ono ka EDTA, kusakaniza, kenako n'kudzaza cuvette kuchokera m'menemo. Ikani choyezera kutentha pakhoma pafupi ndi makina, ndipo nambala yake izilembedwa m'buku la zotsatira.

Kuyeza m'mawa nako kuli ndi msampha wake. Ma neutrophil amakhala ochepa m'magazi m'mamawa n'kumakwera masana, chifukwa ambiri amakhala atamatirira m'mbali mwa mitsempha. Wodwala amene wapezeka ndi 1.3 pa 7 koloko akhoza kupezeka ndi nambala yabwino masana a tsiku lomwelo, makamaka akayendayenda. Musanaimitse mankhwala a munthu amene akupeza bwino, bwerezani masana.

Zolakwika zambiri zimachokera pachala, osati m'makina. Dzanja lozizira silitulutsa magazi bwino, choncho wodwala alipukuse kapena aliviike m'madzi ofunda. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala chapakati kapena chotsatira chake, sipiriti atauma. Anthu olima zala zawo zimakhala ndi zikang'a, ndiye kasingano kosalowa bwino kamachititsa namwino kufinya chala, ndipo kufinya kumatulutsa madzi a m'minofu amene amasungunula magazi n'kutsitsa nambala. Pukutani madontho awiri kapena atatu oyamba ndi thonje louma. Dontho lotsatira likhale lalikulu moti cuvette idzaze kamodzin'kamodzi. Ikadzaza theka musaonjezere, itayeni, chifukwa mankhwala a m'kati amakhala atasungunuka kale mosalingana. Iyang'aneni pa kuwala: mukaona kathovu ka mpweya pamalo owerengera, itayeninso. Pukutani magazi a kunja osakhudza kukamwa kwake, n'kuilowetsa m'makina mphindi imodzi isanathe. Magazi otsalira kunja kwa cuvette amadetsa galasi la kamera, ndipo makina amayamba kukana kuwerenga. Ngakhale zonse zitachitika bwino, akatswiri a ku Rice University ya ku America, omwe aja anathandiza kupanga makina a Pumani opumira ana akhanda ku Queen Elizabeth Central Hospital, anaonetsa mu 2015 kuti madontho otsatizana a chala chimodzi amasiyana chiwerengero cha maselo kuposa madontho a magazi a pamtsempha. Ngati mukugwiritsa ntchito kabotolo, katembenuzeni pang'onopang'ono ka 8 mpaka ka 10, osakhutchumula, ndipo kokhala ndi magazi oundana kasayezedwe.

Pali mfundo ina imene kamakina sikangakuuzeni. Anthu ambiri a kuno kwathu anabadwa opanda chizindikiro chotchedwa Duffy pa maselo ofiira, chibadwa chimene chimateteza ku malungo a mtundu wa vivax. Kafukufuku wa mu 2009 anasonyeza kuti chibadwa chomwechi n'chimene chimachititsa kuti anthu ochokera ku Africa azikhala ndi ma neutrophil ochepa m'magazi kuyerekeza ndi azungu, popanda kudwaladwala. Mlimi wa ku Domasi wathanzi lake akhoza kukhala ndi ANC ya 1.3 moyo wake wonse. Mukamuyeza ndi malire olembedwera anthu a ku Ulaya mudzamumana clozapine kapena kumuchedwetsera diripi ya khansa pachabe. Ku America anazindikira zimenezi, ndipo kwa anthu otere malire oyambira clozapine anawaika pa 1.0 m'malo mwa 1.5. Choncho yezani kawiri kapena katatu mankhwala asanayambe, mulembe nambala ya munthuyo m'buku lake la kuchipatala, ndipo zotsatira zam'tsogolo muziziyerekeza ndi imeneyo. Kumbukiraninso kuti malungo, taifodi ndi matenda a mavairasi amatsitsa maselo oyera kwa kanthawi, ndiye wotentha thupi ayezedwenso malungo.

Kamakina sikapereka Hb kapena ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana. Kwa wa zidovudine ndi wa khansa zimenezi n'zofunika mofanana ndi ANC, kotero FBC siingalowedwe m'malo. Kakaona maselo achilendo, monga a khansa ya m'magazi, kamaika chizindikiro chochenjeza koma sikawatchula dzina, ndipo pamenepo pafunika silaidi ndi maikulosikopu. Maselo ofiira osakhwima, amene amachuluka mwa ana akhanda ndi odwala sickle cell, amatha kusokoneza chiwerengero. Njira yakale ija ya Neubauer, yowerenga maselo ndi maso pa maikulosikopu, mamaikulolita 20 a magazi mu 380 a madzi a mankhwala otchedwa Türk, kuwerenga mabwalo anayi a m'makona n'kuchulukitsa ndi 50, ikadali yotsika mtengo kwambiri, kungoti imafuna munthu wa labu wodekha ndi nthawi, zinthu zimene pa helefu senta zimasowa.

Ndalama zenizeni zili pa ma cuvette. Iliyonse imagwira ntchito kamodzi, imachokera kunja, ili ndi tsiku lothera, ndipo a Hb salowa m'makina awa. Powerengera bajeti onjezerani otayika chifukwa cha thovu ndi obwereza. Wodwala mmodzi wa clozapine pa ndondomeko ya ku Britain amafuna ma cuvette osachepera 35 chaka choyamba. Musanasaine, wogulitsa akulembereni kuti oda imafika pakatha masabata angati, amene amakonza makina ali kuti, komanso ngati amagulitsa magazi oyeserera otsimikizira kuti makina akuwerenga molondola. Kamodzi pamwezi tumizani kabotolo kamodzi koyezedwa kale ku labu yaikulu monga ya Zomba Central Hospital kuti muyerekeze.

Kuona kwathu, kamakina aka n'koyenera kiliniki yokhala ndi gulu lodziwika la odwala obwera mobwerezabwereza, monga ya matenda a m'maganizo kapena ya khansa, komanso magulu oyendera midzi. Kugulira OPD wamba kuti aliyense wa chifuwa ayezedwe n'kuwononga ma cuvette. Ndipo pamalo pamene kaikidwa pakhale ndondomeko yolembedwa pakhoma. Wodwala amene ali pa mankhwala tatchulawa akabwera ndi kutentha thupi kwa madigiri 38.3, kapena 38.0 kopitirira ola limodzi, zilonda za kukhosi kapena za m'kamwa, ayezedwe nthawi yomweyo osadikira tsiku lake. ANC ikakhala pansi pa 0.5, kapena makina akangoonetsa chiwerengero chosafika 1.0, mankhwala okayikiridwawo aimitsidwe, maantibayotiki a m'mtsempha ayambe ola limodzi lisanathe, ndipo ambulansi iitanidwe. Jakisoni wa filgrastim, amene amafulumizitsa mafupa kupanga ma neutrophil, amaperekedwa mamaikulogalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo chiganizo chomupereka ndi cha dokotala wa kuchipatala chachikulu.