Zovala za sewero la ku Paris: sans-culotte kapena Incroyable?

Sans-culotte ndi mmisiri wa mu 1793, anthu a ku France atagwetsa ufumu: buluku lalitali lamizeremizere, jekete lalifupi, chipewa chofiira, nsapato zamatabwa.

Incroyable ndi mnyamata wonyada yemwe anatchuka Robespierre, mtsogoleri wa nthawi yodula anthu mitu ku France, atagwa mu 1794: jekete la kolala yaikulu, kabudula wothina wofika m'mawondo, nsalu yokulunga khosi mpaka kuphimba chibwano, tsitsi lolendewera m'makutu, chindodo m'manja.

Mtengo: woyambayo za kaunjika zimukwana, winayu amafuna telala waluso ndi nsalu yambiri.
Pabwalo: woyambayo amathamanga momasuka, winayu khosi limauma, thukuta lili kamukamu.

Ine mtima wanga uli pa Incroyable, chifukwa akangolowa oonerera amadziwa kuti nthawi yodula anthu mitu ija yatha. Koma gulu la ndalama zochepa, kapena sewero la zipolowe za mumsewu, sans-culotte ndiye woyenera.