Mabuku atatu a Thrawn: ndemanga ya munthu amene amayendetsa masewera a Star Wars patebulo

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndinagula mabuku atatuwa pamodzi, akaunjika: Heir to the Empire, Dark Force Rising ndi The Last Command, onse olembedwa ndi Timothy Zahn. Ndemangayi ndikulembera anzanga amene amayendetsa masewera aja timakhala mozungulira tebulo ndi madayisi ndi mapepala, mmodzi n'kumafotokoza dziko la m'nthano, enawo n'kumasankha zochita za anthu awo. Ngati mukungofuna nkhani yowerenga pogona, gulani basi, simunong'oneza bondo. Koma ngati mukufuna kutolamo kampeni, kutanthauza nkhani imodzi yoisewera mopitiriza kwa miyezi ingapo, pali zoti mudziwe.

Mabukuwa ndi a m'Chingerezi ndipo anatuluka mu 1991, 1992 ndi 1993. Nkhani yake ikuchitika patatha zaka 5 chichitikire za mu filimu ya Return of the Jedi. Mfumu Palpatine kulibenso, Darth Vader kulibenso, Empire yangotsala zidutswa, pomwe boma latsopano la New Republic silinaime bwino ndipo akuluakulu ake akukanganirana mipando. Thrawn ndi mkulu wa asilikali amene akutsogolera zotsala za Empire polimbana ndi New Republic. Nyengo imeneyi ndi yokoma kwa woyendetsa masewera chifukwa palibe mbali imene ili ndi zombo zokwanira. Aliyense akufuna woti amuzembetsere katundu, amufufuzire chinsinsi kapena amubere chombo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya kagulu ka anthu anayi kapena asanu, ngati osewera anu.

Chinanso n'chakuti mabukuwa ali pachibale ndi masewera a patebulo kuyambira pachiyambi. Kampani ya West End Games inatulutsa masewera ake a Star Wars mu 1987, ndipo Zahn atayamba kulemba anapatsidwa mabuku a masewerawo kuti aziyang'anamo. N'chifukwa chake mumapezamo zinthu ngati zombo za Interdictor, zimene zimatsekereza chombo china kuti chisathawe. Mukamawerenga mumaona kuti chipangizo chilichonse chili ndi malire ake ndi njira yochipusitsira, ndipo zimenezi n'zimene osewera amafunsa nthawi zonse.

Chuma chenicheni cha mabukuwa, kwa ine, ndi Talon Karrde. Luke, Leia ndi Han, ngwazi za m'mafilimu, asiyeni akhale mayina omveka patali, chifukwa osewera akangoima pafupi nawo amasanduka onyamula zikwama. Karrde ndi mkulu wa ozembetsa katundu amene wamanga msasa m'nkhalango ya dziko la Myrkr. Malonda ake aakulu ndi zimene amadziwa, safuna kulowa mbali iliyonse pankhondo, ndipo anthu ake amawasamala. Munthu wotere akhoza kutuma osewera kulikonse, kuwalipira mwachilungamo, kwinaku akuwabisira theka la zimene akudziwa. Ife timasewera Edge of the Empire, ya Fantasy Flight Games ya mu 2013, mmene munthu aliyense amayamba ali ndi ngongole kapena mangawa ena omulondola. Ndinangoti ngongole ya chombo chawo ili m'manja mwa Karrde, kampeni n'kuyamba kuyenda yokha. Dziwani kuti masewera amenewa analembedwera nthawi ya nkhondo ya oukira boma la Empire, lisanagwe, choncho mufunika kusuntha zaka ndi kusintha amene akulamulira madera ena. Si ntchito yaikulu.

Gawo limene linatikomera kwambiri ndi la ku Sluis Van, doko lokonzerako zombo la New Republic, kumapeto kwa buku loyamba (amene simunawerenge, mundikhululukire, ndiulula pang'ono). Thrawn amaba timakina tokumbira miyala ku Nkllon, kumene Lando Calrissian ali ndi mgodi, n'kutigwiritsa ntchito kuboola zombo zankhondo za New Republic zimene zikunyamula katundu zili ndi asilikali ochepa, kuti azilande zathunthu. M'bukumo amene amalepheretsa chiwembuchi ndi Lando ndi anzake. Ine ndinaika osewera anga padoko lomwelo, mbali ina, akutsitsa mabokosi a Karrde. Ndinangofotokoza kuti pakhoma la chombo chachikulu choyandikana nawo paoneka kadontho kofiira, kakukula, utoto ukutuwa n'kumatekeseka. Amene amasewera ngati makaniko anaika madayisi pansi n'kunena kuti, "Aise, amenewo sakuwombera, akulowa." Kenako anayamba kutsutsana okhaokha: athawe ndi katundu wa eni ake, kapena achenjeze anthu pafupifupi 20 amene ndinati ali m'chombomo, podziwa kuti Karrde sakufuna dzina lake limveke pankhondoyi? Anakambirana mpaka tiyi kuzizira. Palibe amene anafunsa kuti Luke ali kuti.

Tsopano za Thrawn mwini wakeyo. Powerenga ndi munthu wogometsa: amayang'ana zojambula ndi zosema za mtundu wa anthu, n'kudziwiratu mmene anthuwo angachitire akapanikizika. Patebulo luso limeneli ndi loopsa. Woyendetsa amamva mapulani onse a osewera, ndiye Thrawn akangotulukira atatseka kale njira imene angopangana kumene, iwo saona nzeru za mdani, amaona kuti mwawabera. Chimene ndimachita n'chakuti masewera asanayambe ndimalemba papepala zimene mdani akuyembekezera kuti iwo achite, potengera khalidwe limene aonetsa kale, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa bokosi la madayisi onse akuona. Nkhondo ikatha timalitsegula. Akapeza kuti munalembedwa "adzabwerera kudzatenga mnzawo wogwidwa, nthawi zonse amatero", amangopukusa mitu, ndipo ulendo wotsatira amayesetsa kusintha machitidwe awo. Pepalalo likaphonya, apambana mwachilungamo.

Zahn amathandizanso pamenepa, chifukwa Thrawn timamuonera kwambiri m'maso mwa Kaputeni Pellaeon wa chombo cha Chimaera. Inunso musafulumire kumuonetsa. Osewera azikumana ndi asilikali ake ndi zotsatira za malamulo ake. M'mabukuwa muli malo awiri ofanana pamene Luke amapulumuka m'manja mwa msilikali woyendetsa makina okokera zombo. Woyamba, amene anakankhira ena mlandu, anaphedwa. Wachiwiri, amene anayesa nzeru yatsopano ngakhale inalephera, anakwezedwa udindo. Msilikali wogwidwa akangofotokozera osewera nkhani ziwirizi, adziwa kuti akulimbana ndi ndani.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Mbali ya Joruus C'baoth, Jedi wamisala (a Jedi ndi ankhondo ogwiritsa ntchito mphamvu yodabwitsa yotchedwa Force), imadya masamba ambiri koma ndi ya banja la Skywalker lokha, la Luke ndi Leia, ndipo sindinapezemo chotola. Tinyama ta ysalamiri, timene timaletsa mphamvu ya Force pamalo pamene tili, n'tabwino m'nkhani, koma ngati muli ndi wosewera wa Jedi musatibweretse pafupipafupi, chifukwa mukumulanda chinthu chimene anabwerera. Makope amene ndinagulawo alibe mapu kapena mndandanda wa mayina, zilembo zake n'zazing'ono, ndipo limodzi linafika masamba akuthothoka, ngakhale wogulitsa analemba kuti lili bwino. Muziwerenga ndi pensulo ndi kope pambali. West End Games inatulutsanso mabuku a masewera ofotokoza nkhani zitatuzi, okhala ndi manambala a anthu ndi zombo, koma masiku ano mungawapeze kwa ogulitsa zakale okha.

Mu 2014 Lucasfilm, kampani yopanga Star Wars, inalengeza kuti mabuku akalewa salinso m'nkhani yovomerezeka ndipo inawapatsa dzina loti Legends. Ena amaona ngati zimenezi zinawachotsa mtengo, koma kwa woyendetsa masewera ndi ufulu, poti palibe amene angakuuzeni kuti "sizinachitike choncho". Kwathu zombo zankhondo 200 za gulu la Katana, zimene zinasowa kalekale ndipo m'buku lachiwiri zambiri zimagwera m'manja mwa Thrawn, sizinapezekebe, ndipo osewera anga ali ndi theka la njira yopitira kumeneko. Ngati ndalama zikukwana buku limodzi lokha, yambani ndi Heir to the Empire, chifukwa Myrkr, Nkllon ndi Sluis Van zonse zili mmenemo.