Kukaona Zomba: kulipira kampani ya maulendo kapena kudziyendera nokha?

Anzanga a ku Lilongwe satopa kundifunsa kuti akafuna kukaona Zomba alipire kampani yokonza maulendo, kapena angokwera minibasi n'kukadziyendera okha. Njira zonse ziwiri ndinaziyesapo, ndiye ndiyankhe pano kamodzin'kamodzi.

M'tauni mwenimwenimo kampani ilibe ntchito. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994, choncho zakale zaunjikana pafupipafupi. Nyumba ya Malamulo yakale ija, nyumba ina ya Masongola yomwe inamangidwa mu 1886 kuti azikhalamo kazembe wa Britain, ndi Botanical Gardens m'mbali mwa Mulunguzi, zonsezi mumazifika wapansi. Ku chipilala chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), kufupi ndi Cobbe Barracks, kabaza akufikitsani. Ife a kampani anangotidutsitsa pa liwiro, dalaivala akuloza pawindo.

Paphiri m'pomwe kampani imawina, ndisaname. Mukadutsa hotelo ya Ku Chawe msewu ndi wafumbi ndi miyala, ndipo nthawi ya mvula galimoto yaing'ono siingafike ku Emperor's View, pomwe anaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965, kapena ku dzenje la Chingwe. Nkhungu ikatsika, tinjira ta m'mapaini timafanana tonse. Komabe pamwamba pomwepo pali anyamata operekeza alendo, obadwira pomwepo, oti mumagwirizana nawo mtengo musananyamuke.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi nkhani ya chakudya. Pepala la kampani linalemba kuti nkhomaliro yachimalawi ili kale mu mtengo. Ndinali ndi alendo ochokera ku Johannesburg, ana a achimwene anga omwe anakulira kunja, ndipo njira yonse ndinkawauza za matemba a ku Chilwa. Titafika pa damu la Mulunguzi anatitulutsira timabokosi: buledi wopaka majarini, dzira lowiritsa ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, lofunda kale. Nditafunsa za nsima anati ikupezeka ku malo odyera ena ake, koma tilipire tokha. Tisanamalize n'komwe kudya, dalaivala anabwera ndi nkhani ina, yoti ku Chingwe n'kutali, tiwonjezere ya mafuta, ndipo wotiperekeza naye ndalama yake ndi yapadera. Pa pepala lija panalibe liwu ngakhale limodzi la zimenezi. Munthu uli pamwamba pa phiri, alendo akukuyang'ana, ungakane bwanji? Ndinalipira, koma mtima unawawa, makamaka poona anawo akupukuta zala ngati adya, chonsecho sanalawe chilichonse cha kwawo.

Pobwerera ndinapempha kuti tiime pomwe amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wotsika phiri. Anati nthawi yatha. Masitiroberi ofiira psu m'timbale tija tinangowaona akudutsa.

Ukamadziyendera wekha zimasiyana kutalitali. Umaima pomwe wafuna, n'kunenerera mabulosi ndi magalagadeya mpaka mutagwirizana. Masana umatsikira kumsika waukulu, kuseri komwe amayi amaphika. Nsima imachoka pamoto ukuona, matemba okazinga ndi tomato ndi anyezi, nkhwani wotendera pambali, ndipo ukafuna mpunga ndi wolimidwa m'madambo a konkuno ku Chilwa. Mayi wina ataona mnzanga akulimbana ndi mutu wa mlamba anamubweretsera msuzi wina osawerengera, amvekere, "Idyani bambo, mwachokera kutali." Madzulo pali chiwaya ndi kanyenya pafupi ndi depoti. Ndalama yomwe ndinawonjezera paphiri tsiku lija ikanatidyetsa tonsefe kumsikako, n'kutsalako ya thobwa.

Pa chitetezo sindinaone kusiyana, bola paphiri musamayende nokha. Pa nthawi kampani imafulumira, koma kufulumira komweko n'komwe kunatimana zipatso.

Ndiye anzanga, kwerani minibasi, m'tauni muyende wapansi, paphiri mutenge takisi ndi woperekeza wa pomwepo. Kampani ndingaivomereze pokhapokha ngati muli ndi agogo kapena ana aang'ono m'nyengo ya mvula, ndipo musanapereke tambala iliyonse, akulembereni kuti nkhomaliroyo ndi chiyani, mafuta akufika pati, komanso woperekeza akulipidwa ndi ndani.