King Hu kapena Chor Yuen: muyambire kwa ndani pa mafilimu a malupanga ndi zinsinsi?

Ambiri mwa ife tinayamba kukonda mafilimu a ku China chifukwa cha zibakera za Bruce Lee ndi zibwana za Jackie Chan, ndipo tinazolowera nkhani imene mdani amadziwika msanga: wapha mphunzitsi, ndiye wophunzira akupita kuphiri kukakonzekera kubwezera. Komatu pali gulu lina la mafilimu akale a mtundu wa wuxia, onena za akatswiri a lupanga a m'nthawi ya mafumu, amene ndewu zake zimayendera limodzi ndi mafunso ozunguza mutu. Wapha anthuwa ndani? Kazitape ndi uti pakati pa alendo amene akhala patebulo? Nanga chikho chothiridwa poizoni ndi chiti? Munthu wofuna kulawa mafilimu oterewa kawirikawiri amauzidwa mayina a akatswiri awiri otsogolera ntchito yojambula, King Hu ndi Chor Yuen. Onse awiri anagwirapo ntchito kukampani ya Shaw Brothers ya ku Hong Kong, onse anajambula amuna ndi akazi olumpha madenga malupanga ali m'manja, koma chinsinsi amachisamala mosiyana kwambiri, moti wokonda mmodzi akhoza kutopa naye mnzakeyo.

King Hu anabadwira ku Beijing mu 1932 ndipo anasamukira ku Hong Kong mu 1949. Filimu yake ya Come Drink with Me ya mu 1966 anaipangira ku Shaw Brothers, kenaka anachoka n'kupita ku Taiwan kumene anatulutsa Dragon Inn mu 1967. Malo amene iye ankawakonda kuposa ena onse ndi nyumba yogona alendo ya m'mbali mwa msewu, yokhala ndi matebulo pansi, masitepe ndi zipinda zam'mwamba. Nkhani ya Dragon Inn imachitika mu 1457, mu ulamuliro wa mafumu a Ming, nduna yoona zankhondo Yu Qian itangophedwa. Yu Qian anali munthu weniweni, monganso gulu la apolisi achinsinsi a mfumu lotchedwa Dongchang, limene linakhazikitsidwa mu 1420 ndipo linkatsogoleredwa ndi nduna zofulidwa za kunyumba yachifumu. Mufilimumo mkulu wa gululi akutumiza anthu ake kuti akadikirire ana a Yu kunyumba ya alendo ya kumalire a dziko, n'kuwaphera komweko.

Zonsezi woonera amauzidwa pachiyambi penipeni, ndipo apa ndi pamene pali luso la King Hu. Inu mukudziwa kuti oipa ndi ati, koma anthu amene akulowa pakhomo mmodzimmodzi sakudziwana, ndipo aliyense akuyesa mnzake mphamvu popanda kusolola lupanga. Mlendo wovala zoyera, ambulera ili m'manja, akukhala pansi n'kuitanitsa chakudya. Anthu a Dongchang akumuputa, iye akuponya mbale ya chakudya kuchokera patebulo lake kukatera patebulo lawo osatayikira, ndipo chipinda chonse chikuzindikira kuti walowayu si wapaulendo wamba. Vinyo akuthiridwa poizoni, kakalata kochenjeza kakuperekedwa mwakabisira, ndipo kamera ikuyenda pankhope iliyonse kuti muone amene wamva ndi amene sanamve. Zili ngati bawo, pamene nkhomo zonse zili poyera koma mtima ukugunda chifukwa simukudziwa ngati wosewerayo waona chimene inu mwaona. Mu Come Drink with Me, wosewera Cheng Pei-pei, atavala ngati mwamuna, akuyesedwa chimodzimodzi ndi achifwamba omuponyera makobidi, ndipo kumene kwabisidwa mchimwene wake akukudziwa kudzera m'nyimbo ya wopemphapempha woledzera. The Fate of Lee Khan ya mu 1973 ndiyo inafikitsa njira imeneyi pachimake, chifukwa pafupifupi aliyense m'nyumba ya alendoyo, kuyambira mayi mwini malo ndi atsikana operekera zakudya mpaka alendo ena, ali ndi ntchito ina imene akubisa, ndipo onse maso ali pa mapu a nkhondo.

Chor Yuen, wobadwira ku Guangzhou mu 1934, anatenga njira yosiyana. Amene anaonera Police Story ya Jackie Chan ya mu 1985 nkhope yake anaiona kale, pakuti ndi iye amene anasewera ngati mkulu wa zigawenga. Kutchuka kwake pa mafilimu a malupanga kunabwera mu 1976 pamene anayamba kusandutsa mabuku a mlembi Gu Long kukhala mafilimu, kuyambira ndi Killer Clans ndi The Magic Blade. Gu Long, amene anamwalira ku Taiwan mu 1985, sankadandaula kwambiri za zaka kapena mayina a mafumu. Dziko la nkhani zake ndi la magulu a ankhondo olimbirana ulamuliro, akupha olipidwa, abwenzi operekana, ndi ngwazi zokonda vinyo zimene zimaganiza ngati ofufuza milandu. Mu Clans of Intrigue ya mu 1977, akuluakulu atatu a magulu a ankhondo aphedwa ndi madzi a poizoni obedwa kunyumba yachifumu ya akazi okhaokha, ndipo mlandu wagwera Chu Liuxiang, mbala yaulemu yokhala m'bwato, imene imamenya nkhondo ndi chokupizira mphepo. Wapatsidwa mwezi umodzi kuti apeze wakupha weniweni. Woonera sadziwa kalikonse koposa zimene Chu akudziwa, ndipo akanamizidwa Chu, inunso mwanamizidwa.

Kusiyana kwenikweni kuli pomwepa. Kwa King Hu chinsinsi chili pakati pa anthu a mufilimu, pamene inu mwakhala pamwamba kuona zonse. Kwa Chor Yuen chinsinsi chatchereredwa inuyo. Munthu amene mwamuona akufa akhoza kudzukanso, wopulumutsa ngwazi lero ndi amene akuikonzera manda mawa, ndipo wopemphera wooneka wofatsa kapena mkazi wolira ndi amene muyenera kumuopa kuposa chimphona chonyamula nkhwangwa. The Magic Blade ndi chitsanzo chabwino. Osewera Ti Lung ndi Lo Lieh akukumana m'tauni yopanda anthu kuti amalize ndewu imene anapangana chaka chapitacho, koma asanaphane akuwazinga akupha otumidwa ndi bwana wosaoneka, ndipo adani awiriwa akukakamizika kuyendera limodzi pofunafuna chida choopsa chooneka ngati nthenga za pikoko. M'njira akupezana ndi gogo wophika nyama ya anthu, ndiponso bwalo la masewero a tchesi limene zoseweretsa zake ndi anthu amoyo. Mphindi zochepa zilizonse pakubwera msampha watsopano, ndipo funso lakuti bwanayo ndani likukulirakulira.

Maonekedwe a mafilimuwa amatsatira maganizo a eni ake. King Hu ankafufuza mbiri ya zovala, zipewa ndi zida za nthawi ya Ming mosamala kwambiri, ndipo ankatulutsa kamera kunja, kumapiri, m'zigwa zamiyala ndi m'nkhalango za nsungwi. Ndewu zake zinachokera ku zisudzo zoimba za ku Beijing zimene ankazikonda kuyambira ali mwana. Ng'oma ndi timitengo togogoda zimatsogolera mayendedwe, anthu amayang'anizana nthawi yaitali, kenaka m'kuphethira kwa diso wina walumpha ndipo wina wagwa. Kulumphako ankakupanga ndi matrampolini obisika komanso kudula zithunzi mofulumira, mothandizidwa ndi Han Ying-chieh amene ankakonza ndewu. Chor Yuen ankajambula pafupifupi zonse m'kati mwa situdiyo za Shaw ku Clear Water Bay, ndipo sankabisa kuti dzuwa lofiira limene likulowa kuseri kwa mlatho ndi lopanga. Utsi woyera umayenda pansi, masamba ofiira amalendewera kutsogolo kwa kamera, ndipo anthu mumawaonera kudzera m'maluwa, m'makatani kapena m'mazenera, ngati kuti nanunso mukusuzumira. Ena amanyoza zimenezi kuti n'zabodza, koma ine ndimaona kuti zimagwirizana bwino ndi nkhani imene munthu aliyense wavala nkhope yobwereka. Ndewu, zimene zambiri anakonza ndi Tang Chia, ndi zochuluka, zazifupi, ndipo zimadalira zida zachilendo.

Zofooka zilipo mbali zonse ziwiri, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanataye ndalama za bandulo. Chor Yuen ankagwira ntchito mothamanga kwambiri. M'chaka cha 1977 chokha anatulutsa Clans of Intrigue, Jade Tiger, Death Duel ndi The Sentimental Swordsman, ndipo mukaonera angapo motsatizana mumayamba kuzindikira mlatho womwewo, nkhope zomwezo ndi mtengo womwewo. Buku lalitali likapanikizidwa m'filimu ya ola limodzi ndi theka, mayina amachuluka mopitirira muyeso. Munthu amalowa, dzina lake likulembedwa pambali, ndipo musanaligwire wafa kale. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina yankho silichokera m'zizindikiro zimene munapatsidwa, koma wolakwayo amangoima n'kufotokoza yekha chiwembu chake chonse asanamenye ndewu yomaliza. Wokonda kulondola mapazi a wakupha mpaka kumupeza yekha amamva kuti waberedwa. King Hu vuto lake ndi lina. Amafuna kuleza mtima, ndipo chinsinsi chikangoululika m'nyumba ya alendo, gawo lotsala limasanduka kuthamangitsana ndi ndewu basi. A Touch of Zen, imene inapata mphoto ya luso la kajambulidwe pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France mu 1975, imatenga pafupifupi maola atatu, ndipo pamadutsa pafupifupi ola lathunthu lupanga lisanasololedwe. Ola limenelo, mmene mlembi wosauka wojambula zithunzi za anthu akuyesa kumvetsa za mtsikana wachilendo amene wasamukira m'linga logumuka lomwe anthu amati muli mizukwa, ndi limodzi mwa magawo okoma kwambiri a zinsinsi amene ndikuwadziwa. Koma chakumapeto filimuyo imatembenukira ku nkhani za chipembedzo cha Chibuda, ndipo wobwera kudzafuna wakupha amatsala m'malere.

Pa nkhani ya akazi, akatswiri awiriwa amasiyananso poyera. Kwa King Hu mkazi wa lupanga, kaya ndi Cheng Pei-pei, Polly Shang-kuan kapena Hsu Feng, ndi msanamira ya chilungamo, wosalankhula zambiri ndiponso wosadikira kupulumutsidwa. Kwa Chor Yuen akazi ambiri ndi mbali ya msampha, okongola ndi oopsa nthawi imodzi, ndipo mafilimu ena monga Killer Clans ali ndi zithunzi za umaliseche zosayenera kuonera pamodzi ndi ana.

Pali chinthu china chokhudza ife amene timaonera mafilimuwa m'zinenero zimene si zawo. Kuno kwathu tinazolowera mafilimu achitchaina omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amawonjezera nthabwala zawo, ndipo pa filimu ya zibakera palibe chimene chimawonongeka. King Hu akhoza kupirira zimenezi, chifukwa nkhani yake yambiri ili m'maso a anthu, m'manja amene akusuntha pansi pa tebulo ndi m'kakhalidwe ka anthu m'chipinda. Ngakhale mawu atasokonekera, mudzadziwabe amene akuopa mnzake. Chor Yuen sangapirire. Chizindikiro chofunika chimabisala m'chiganizo chimodzi, m'dzina la poizoni kapena m'lonjezo limene wina ananena poyamba, ndipo womasulira akalumpha pamenepo mapeto onse amaoneka ngati misala. Mafilimu akewa afunika kuwapeza ali ndi mawu olembedwa m'munsi omasuliridwa bwino. Mwamwayi kampani ya Celestial Pictures inakonzanso mafilimu mazanamazana a Shaw Brothers kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo Dragon Inn ndi A Touch of Zen nawonso anakonzedwanso, choncho makope owala bwino alipo ndipo palibe chifukwa chovutikira ndi akale odulidwa m'mbali.

Wina akhoza kufunsa za Tsui Hark, amene filimu yake yoyamba, The Butterfly Murders ya mu 1979, imanena za anthu ophedwa ndi agulugufe m'linga lakale, ndipo wofufuza wake ndi mlembi wosadziwa kumenya nkhondo. Ndi filimu yamdima ndiponso yovutirapo kuipeza, koma poyerekeza ndi mafilimu a King Hu ndi Chor Yuen ndi imene imayesetsa kupereka yankho lomveka m'malo modalira matsenga. Tsui anabwereranso ku njira imeneyi mu 2010 ndi Detective Dee and the Mystery of the Phantom Flame, mmene Andy Lau akufufuza za nduna zimene zikungoyaka moto mfumukazi Wu Zetian atatsala pang'ono kulongedwa ufumu. Imeneyo ndi ya makompyuta ambiri ndipo si ya m'gulu la akale, komabe ndi khomo losavuta kwa wachinyamata amene zithunzi za m'ma 1970 zimamugwetsa ulesi.

Maganizo anga ndi akuti amene akufunadi nkhani yofufuza wakupha ayambire kwa Chor Yuen, makamaka Clans of Intrigue, kenaka The Magic Blade, ndipo The Sentimental Swordsman ibwere pambuyo chifukwa chisoni cha ngwazi yake, Li Xunhuan, chimakoma munthu akazolowera kale dziko la Gu Long. Koma ndikafunsidwa amene ndimamuika patsogolo, ndimatchula King Hu mosakayika. Filimu ya Chor Yuen imatha mphamvu pang'ono mukadziwa wolakwa, pamene Dragon Inn ndi The Fate of Lee Khan zimakoma kwambiri kachiwiri, chifukwa maso anu amamasuka kusiya wolankhula n'kuyang'ana amene wakhala chete pakona. Kwa King Hu yambani ndi Dragon Inn, imene sikwana maola awiri, ndipo A Touch of Zen muisungire tsiku limene muli ndi madzulo onse opanda chokusokonezani.