Ma spotlight pa 4x4 yakale: kulumikiza pa bulaiti, hanesi yogula, kapena rileyi yomanga nokha?

Disembala akamayandikira, ma Hilux ndi ma Land Cruiser a anzathu kuno ku Joni amayamba kuoneka ndi ma spotlight (nyali zowonjezera zounikira patali) atsopano pa bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto. M'pomveka. Aliyense amene anayendapo usiku kuchoka pa Beitbridge kulowera ku Masvingo, kapena kuchoka pa Nyamapanda kupita ku Tete, akudziwa kuti bulu ndi ng'ombe zimangotulukira pamsewu, ndipo nyali za galimoto ya zaka 25 sizifika patali. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawaya ake, chifukwa ambiri timawononga ndalama pa nyali, n'kulumikiza mwachidule.

Njira yofulumira kwambiri ndi kusenda waya wa bulaiti kuseri kwa nyali, kumangirirapo mawaya a ma spotlight, n'kukulunga tepi. Zimayaka ndithu. Koma taonani masamu ake: mababu awiri a 100W pa 12V amakoka pafupifupi ma amp 17, ndipo ngakhale awiri a 55W amakoka ma amp 9. Magetsi onsewo akudutsa pa waya wowonda umene anaupangira nyali ziwiri zokha, ndiponso pa magalimoto ambiri akale akudutsa m'swichi ya pachiwongolero. Mawaya amatentha, swichi imapsa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mumataya ma spotlight ndi nyali zonse nthawi imodzi muli pa liwiro. Njira iyi musaiganizire n'komwe, abale anga.

Ena amakoka waya ku batire, kudutsa pa swichi yakeyake pa dashibodi, n'kupita ku nyali. Ubwino wake ndi woti simukhudza mawaya a galimoto. Koma basi ikatulukira pakona, muyenera kuzimitsa bulaiti ndi dzanja limodzi kwinaku mukufufuza swichi ina ndi linzake, ndipo panthawiyo dalaivala mnzanu mwamuphimba kale maso. Mukaiwala kuzimitsa mutaima pa boda, m'mawa batire yatha.

Mpikisano weniweni uli pakati pa hanesi yogula (mtolo wa mawaya olumikizidwa kale) ndi rileyi (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) yomanga nokha. Zonsezi zimagwira ntchito mofanana: magetsi ambiri amachoka ku batire kudzera pa fyuzi kulowa pa phini 30 ya rileyi, n'kutuluka pa 87 kupita ku nyali. Mapini 85 ndi 86 ndi a koyilo ya m'kati mwa rileyi, imene imalumikiza 30 ndi 87, ndipo imafuna magetsi ochepa zedi, osafika ndi theka la amp. Choncho waya wa bulaiti umangopereka chizindikiro, monga mlonda wotsegula geti, katundu wolemera n'kudutsa njira yake.

Hanesi yogula imabwera ndi zonse: rileyi, fyuzi, swichi ndi mapulagi osalowa madzi, zimene zimathandiza pa mvula yamabingu ya kuno. Pa Land Rover Defender kapena galimoto iliyonse imene imatumiza pozitivi ku bulaiti, mumangolumikiza Loweruka m'mawa, masana mwatha. Vuto limabwera pa ma Toyota ambiri akale. Pa amenewa pozitivi imafika kale pa babu mukangoyatsa nyali, ndipo swichi ya pachiwongolero imasankha dimu kapena bulaiti polumikiza ethi (negativi, yopita ku thupi la galimoto). Hanesi wamba imayembekezera pozitivi pa waya wa bulaiti, mbali ina ya koyilo n'kuimangirira ku thupi la galimoto. Zotsatira zake n'zodabwitsa kwa amene sakudziwa: ma spotlight amayaka mukaika dimu, n'kuzima mukaika bulaiti. Munthu amabweza hanesi kusitolo kuti ndi yakufa, pamene ilibe vuto. Chikuchitika n'chakuti pa dimu, pozitivi imadutsa m'kawaya ka m'kati mwa babu n'kuonekera pa waya wa bulaiti, ndipo imakwanira kukoka rileyi.

N'chifukwa chake musanagule chilichonse, tengani testa kapena mita, muyeze kuseri kwa pulagi ya babu la H4 ili yolumikizidwa. Ili ndi mawaya atatu: wa dimu, wa bulaiti ndi wa onse. Ngati wa onsewo uli ndi 12V nyali zikayaka, galimoto yanu imasintha ndi ethi. Pamenepo funsani hanesi yolembedwa kuti imagwira mbali zonse ziwiri. Zilipo, ndipo zina zimabwera ndi kapulagi kolowa pakati pa babu ndi pulagi yake, osadula waya ngakhale umodzi. Onaninso kukula kwa waya, chifukwa mahanesi ambiri otsika mtengo anawapangira ma LED ang'onoang'ono, osati mababu a 100W.

Ine mtima wanga uli pa rileyi yomanga nokha, makamaka pa galimoto yoyenda ulendo wa kumudzi. Yankho la vuto la Toyota ndi losavuta: phini 86 ipite ku waya wa onse, 85 ipite ku waya wa bulaiti, osaika ethi ina iliyonse pa koyilo. Swichi ya pa dashibodi muiike pa umodzi mwa mawaya awiriwa, kuti mutauni muzitha kuyatsa bulaiti popanda ma spotlight. Rileyi ikhale ya ma amp 30 kapena 40. Kwa mababu awiri a 100W gwiritsani waya wa 4 mm² ndi fyuzi ya 25A. Kwa a 55W, waya wa 2.5 mm² ndi fyuzi ya 15A zikwanira. Fyuziyo ikhale pafupi ndi batire momwe mungathere, pakuti ntchito yake ndi kuteteza waya ukakhudzana ndi chitsulo. Ethi ya nyali ibwerere ku batire kapena ku bauti yoyera pa thupi la galimoto, osati pa bull bar yopentedwa ndi ya dzimbiri. Paliponse pamene waya ukudutsa pa bowo la chitsulo, ikanipo labala.

Zimatenga nthawi yaitali kuposa hanesi, ndipo mufunika chopanira mapini chabwino. Koma rileyi ya mapini anayi mungaipeze m'sitolo ya zida za galimoto ku Booysens, ku Musina, ku Tete kapena ku Limbe, ndipo ikafa panjira mumadziwa waya uliwonse kumene ukupita. Eni Land Cruiser za dizilo zakale aone kaye ngati yawo ndi ya 24V, chifukwa rileyi ndi mababu a 12V sangapirire.

Pali za malamulo zimene zingasinthe chisankho chanu. Ku South Africa galimoto siloledwa kukhala ndi nyali zakutsogolo zoposa 6, ziyenera kuikidwa molingana mbali zonse, ndipo zisakwere kupitirira mamita 1.4 kuchoka pansi. Choncho light bar (mzere wa nyali) ya padenga ikhoza kuchititsa kuti apolisi a mumzinda wa Joni, a JMPD, akuimitseni musanafike n'komwe pa N1. Ma spotlight awiri pa bull bar, ozima okha mukabwerera pa dimu, ndi osavuta kufotokoza kwa wapolisi komanso kwa oyeza roadworthy.