Kulipiratu pa foni kapena kuonana maso ndi maso?

Mwaona foni yotchipa pa Facebook. Wogulitsa akuti ali ku Mzuzu, mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, iye aipatsira basi. Nzachangu ndithu, koma akangotapa ndalamazo kwa ejenti n'kuthimitsa foni, kuzibweza n'kovuta. Mumatsala ndi uthenga wa malipiro ndi zithunzi za zomwe munalemberana. Musafufute. Imbirani a Airtel Money kapena a Mpamba nthawi yomweyo, kenako mupite nazo kupolisi.

Kuonana pamalo podzaza anthu, masana, kumadya nthawi ndi ndalama yoyendera. Komatu foniyo mumaiyatsa nokha, kuikamo simu yanu, kuimba *#06# kuti muone ngati nambala yapadera ya foniyo, yotchedwa IMEI, ikufanana ndi ya pabokosi, ndiye n'kulipira. Wokana kukumana, ine ndimangomusiya.