Geji ya boost, ka OBD ka pa foni kapena bokosi lolira: chiti choyamba pa galimoto ya turbo?

Loweruka lapitali tinakangana mpaka dzuwa kupendeka ku Gazaland, ku Highfield muno mu Harare, ndi achimwene ena akwathu ku Mulanje amene angogula Prado yakale ya injini ya 1KZ-TE. Iwo mtima uli pa geji ya boost (yoonetsa mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankhira mu injini) yowala buluu, yomata pa mzati wa galasi lakutsogolo ngati ya anyamata a ma Subaru. Ine ndimati ndalamayo aiike kwina. Njira zitatu zonsezi, ka OBD ka pa foni, geji yapayokha ndi bokosi lolira, ndinazigwirapo ndi manja angawa, ndiye ndiziike pambalambanda.

Chotchipa kuposa zonse ndi ka ELM327, kachipangizo kowerenga zimene zili mu kompyuta ya galimoto. Mumakabaya pa soketi ya OBD2 ya mabowo 16 ija ili kunsi kwa chiwongolero, n'kumalankhulana ndi foni pa Bluetooth kudzera mu app ya Torque kapena Car Scanner. Simudula waya, simuboola paliponse. Posakhalitsa mwayamba kuona kutentha kwa madzi m'madigiri, kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, mphamvu ya batire, ndi chimene chayatsa nyale ya check engine. Koma kameneka ndi kamtola nkhani chabe, kamangonena zimene kompyuta ya galimoto ikudziwa kale. Injini zambiri zilibe sensa yoyeza oil pressure, mphamvu imene oyilo akupopedwa nayo mu injini, zili ndi kaswichi kongoyatsa nyale yofiira zinthu zitathina kale, ndiye foni singakupekereni nambala. ScanGauge II, imenenso imabayidwa pa soketi yomweyo, ili ndi sikirini yakeyake ndipo siithima wina akakuimbirani, koma imamwa pa chitsime chomwecho.

Vuto lina ndi ma ex-Jap athuwa, galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Ku America OBD2 inakhala lamulo mu 1996, ku Ulaya galimoto za petulo zinatsatira mu 2001, pomwe zopangidwira msika wa ku Japan zinachedwa mpaka cha m'ma 2008. Zambiri zakale soketi zili nayo yofanana, koma mukabaya ka ELM327 zimangokhala duu. Amene mwagula galimoto chibwerereni lamulo la 2021 loletsa kulowetsa muno mu Zimbabwe galimoto zopitirira zaka khumi, inu muli pabwino. Prado ya achimwene ili kunja kwa mwayi umenewo.

Ndipo ngati mukuwerenga boost pa foni muno mu Harare, samalani. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya wake umapanikiza cha m'ma 0.85 bar, osati 1.01 ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Sensa ya MAP, yoyeza kupanikiza kwa mpweya wolowa mu injini, imawerengera pamodzi mpweya wakunjawo ndi wa turbo, ndiye app imachotsera wakunjawo. Ikachotsera 1.01, mudzaona ngati turbo yanu yafooka ndi 0.15 bar ndi kanthu, n'kuyamba kusaka kuphwa kumene kulibe. Tembenuzani kiyi osaliza injini: boost iyenera kukhala pa 0. Mukatsikira ku Tete muyesenso.

Geji yapayokha ilibe matenda amenewa. Ya boost ya kapaipi ndi yosavuta: mudula paipi ya pa manifold yolowetsa mpweya mu injini, muika ka T, mudutsa kapaipi pa rabala ya pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, basi. Pa injini ya petulo tengani kuseri kwa throttle kuti muvi uzitsika pansi pa 0 galimoto ikangoima ikulira. Waya ndi wa nyale yokha. Koma oil pressure ya kapaipi ayi ndithu, kumeneko ndi kulowetsa oyilo wotentha pafupi ndi maondo anu. Tengani ya sensa yamagetsi, muike mbale ija imalowa pakati pa injini ndi fyuluta ya oyilo. Yang'anitsitsani mazinga: injini zambiri za ku Japan ndi 1/8 BSPT, pomwe sensa za ku America ndi 1/8 NPT. Zimalowana ndithu mukaumiriza, kenako n'kumadontha moyo wonse. Defi, AutoMeter ndi AEM ndi zokhulupirika koma thumba limamva. Zopanda dzina za 52mm zadzaza m'mashopu a zitsulo mu Kaguvi. Ya boost yotero mutha kuikhululukira, ya kutentha yerekezani kaye ndi madzi owira, podziwa kuti kuno amawira cha m'ma 95, osati 100.

Mkangano wathu unagona apa. Geji ya boost imasangalatsa maso, imakuuzaninso paipi ya intercooler (yoziziritsa mpweya wa turbo) ikang'ambika kapena wastegate (valavu yoletsa boost kupyola muyeso) ikakakamira. Koma 1KZ siifa ndi boost. Imafa ndi kutentha, hedi n'kung'aluka, makaniko aliyense wa ku Gazaland angakuuzeni. Muvi wa kutentha wa pa dashibodi wa galimoto zambiri anaupanga kuti uzikhala pakati ngakhale madzi akwere madigiri angapo, kuti woyendetsa asamatekeseke. Pomwe uzidzasuntha, kwatsala pang'ono. Choipa kwambiri, hozi ya radiyeta ikaphulika madzi n'kutha, sensa imatsala ili mu nthunzi, muvi osakwera n'komwe, mwinanso kutsika kumene, injini ikupsa.

Mpamene bokosi lolira limapambanira. Lodziwika kuno ndi Madman, lopangidwa ku South Africa. Limayang'anira mulingo wa madzi, kutentha kwake, oil pressure ndi EGT, kutentha kwa utsi wotuluka mu injini, ndipo china chikadutsa malire amene mwaika limakuwa. Geji imafuna muiyang'ane. Ndani amayang'ana geji akupyola thiraki pa chitunda cha ku Zobue, kumbuyo atadzaza katundu wa ku Blantyre, ana akulira ndi dzuwa? EGT imasuntha m'masekondi pomwe madzi amatenga mphindi. Mukakakamiza dizilo pa giya lalikulu pokwera mtunda, utsi wakuda uli tolotolo, nambala imathamanga. Ambiri amaika alamu cha m'ma 700 digiri sensa ikakhala patsogolo pa turbo. Ikalira mumatsika giya, kuchepetsa phazi, nambala n'kubwerera pomwepo.

Kuika kwake ndiye ntchito. Sensa ya EGT imafuna bowo pa manifold ya utsi. Mukaiika kuseri kwa turbo pofuna kuphweka, imawerenga motsika ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndipo kusiyanako sikukhazikika. Ine pa Hilux Surf yanga ndinalola mnyamata wina kuboola manifold ili pa injini pomwepo, ati agwira zinyenyeswa ndi girisi ndi maginito. Patapita masabata turbo inayamba kaphokoso kachilendo, titamasula tinapeza mapiko a wilo lake atakumbikakumbika. Masulani manifold, muboolere pa benchi, muitsuke. Magetsi mutenge pa fyuzi yoyaka ndi kiyi, ndipo earth muimange pa injini penipeni, apo ayi nambala zizivina mukayatsa nyale.

Kwa mnyamata wa Forester kapena Legacy ya petulo imene imayankha pa OBD, ka ELM327 ndi geji ya oil pressure yamagetsi n'zokwanira, ya boost awonjezere akafuna kunyada. Wa Hilux ya D-4D atha kuyamba ndi foni, koma ngati amakoka ngolo asadalire kuti EGT aipeza mmenemo.

Achimwene aja anamvetsera zonsezi akupukusa mutu, n'kunena kuti bokosi lakuda la manambala silioneka bwino pa dashibodi. Tinagwirizana kuti mwezi uno aike kaye alamu ya mulingo wa madzi, EGT ibwere asananyamuke ulendo wa ku Mulanje wa pa Khirisimasi. Ya buluu ija anaigulabe tsiku lomwelo, ili mu bokosi lake pansi pa mpando.